Tsiku limodzi pa zilumba za Nyanja ya Malawi: munyamukire doko liti, pa boti lotani?

Ambiri a ife tikapita kunyanja timathera pamchenga. Timasamba, timadya chambo chowotcha, timajambulitsa zilumba zikuoneka chapatali kumbuyo kwathu, kenako n'kukwera galimoto kubwerera. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa zokongola zenizeni za nyanjayi zili kuseri kwa miyala ya zilumba zomwezo, ndipo zambiri mwa izo munthu atha kupitako m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Chofunika n'kusankha bwino doko lonyamukira ndi chombo chokwera. Amene amalakwitsa kawirikawiri ndi uja amayamba ndi kuwerenga kuti aponda zilumba zingati. Pa nyanja iyi tsiku limayendera mphepo ndi boti, ndipo chilumba chimodzi chimene mwakhalapo maola atatu chimaposa zinayi zimene mwangozizungulira injini ikulira.

Malo amene ndingawayerekeze ndi anayi: Cape Maclear, Senga Bay, gombe la Mangochi, ndi Likoma. Salingana, ndipo sindiwapatsa mpata wofanana.

Cape Maclear: kumene zilumba zili pakhomo

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha ndipo mukufuna kuponda zilumba zoposa chimodzi, pitani ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Monkey Bay. Chifukwa choyamba ndi mmene gombelo linakhalira. Linayang'ana chakumadzulo chakumpoto, ndipo mapiri a kumbuyo kwake amatchinga mphepo ya mwera, imene imachokera kum'mwera chakum'mawa. Tsiku limene madoko ena mafunde akuswa, pa Chembe madzi a pafupi ndi gombe amakhala oti boti n'kuyenda. Chachiwiri, zilumba zake n'zoyandikana, ndipo zonse zili m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, limene linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Malamulo a pakiyi amaletsa kuwedza pamtunda wa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumbazi. N'chifukwa chake nsomba za m'miyala yake n'zochuluka ndipo sizithawa munthu.

Chapafupi kwambiri ndi Thumbi West, chimene mumachiona mutaima pamchenga pa Chembe. Pa boti la injini ndi mphindi zochepa chabe. Chilumbachi n'cha miyala ikuluikulu ndi mitengo, chopanda mchenga wotambalala, choncho amene akufuna pogona chagada padzuwa sachikonda. Phindu lake lili pansi pa madzi. Mukavala galasi losambirira n'kuviika nkhope, mumaona nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna zili piringupiringu pamwala: zabuluu zowala, zachikasu, zamizeremizere, zina zikupala ndere ndi timano tawo, ina yaimuna ikuthamangitsa inzake pa kamphako kamene yakatenga ngati kwawo. Mukakhala chete osakupiza miyendo, zimafika pachala penipeni. Mukakhala ndi mwayi mumapeza yaikazi italowetsa tiana take m'kamwa pamene chithunzithunzi chanu chadutsa, n'kudzatilavula ngozi ikatha. Nsomba zimenezi ndi zimene zinatchukitsa nyanja yathu kwa akatswiri a zamoyo, poti mitundu yake ilipo mazanamazana ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Pa Thumbi West pomwepo ndi pamene anyamata operekeza alendo amaitanira nkhwazi. Amagula kansomba kwa asodzi panjira, amakabaya ndi kabango kuti kasamire, amaimba likhweru, n'kukaponya pamadzi. Nkhwazi imanyamuka pamtengo, imatsika mapiko ali tambalale, imakatola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Ana amene aona zimenezi amazisimba chaka chonse.

Otter Point ili kumapeto kwa gombe chakumadzulo. Malowa ali kumtunda, si chilumba, koma maboti ambiri amaimapo pobwerera chifukwa madzi ake ndi oyera komanso odekha. Chapafupi pamenepo pali manda a amishoni a ku Scotland amene anayambitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Amene ali ndi ana a sukulu asadutse pamenepa osatsika.

Domwe ndi china. N'chachikulu kuposa zilumba zonse zopanda anthu pa nyanjayi, chachitali ngati phiri, ndipo chinalekana ndi mtunda pa kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Chifukwa chakuyandikana ndi mtundako kumapezeka nguluwe ndi anchima. Kuchokera pa Chembe kukafika pa timagombe take pali makilomita pafupifupi 5. Domwe imayenera anthu ofuna kuyendako pansi, kukwera chitunda pang'ono, kenako n'kutsikira m'madzi thukuta lili kamukamu. Thumbi West m'mawa, Domwe masana, Otter Point pobwerera: umenewu ndiwo ulendo wa tsiku limodzi umene ndingauze aliyense woyamba kumene. Palibe pamene boti limatalikira mtunda kwambiri, ndipo nyengo ikasintha mumabwerera msanga.

Mumbo ndiye nkhani ina. Chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10, panyanja poyera, ndipo pa boti wamba la injini mumayenda mphindi zosachepera 45. Madzi ake ndi oyera kuposa a zilumba zinazo, moti mwala umene uli pansi patali umaoneka ngati mungaukhudze. Kulibe nyama zikuluzikulu, koma kuli ang'azi, akatumbu ndi nkhwazi. Vuto lake n'loti njira yopita kumeneko ilibe chotchinga. Mphepo ikadzuka muli pakatikati, mulibe kothawira. Anthu ena amafuna kuphatikiza Mumbo, Domwe ndi Thumbi tsiku limodzi, ndipo mwini boti wofuna ndalama adzavomera. Ine ndikuti ayi. Mumbo muchipatse tsiku lakelake, tsiku la bata. Mufunsiretu za kotsikira, chifukwa mbali ina ya chilumbacho kuli malo ogona alendo amene ali ndi eni ake, ndipo si paliponse pamene mungangokocheza boti n'kuyala nsalu.

Musaiwale kuti kulowa m'paki kumalipiridwa, ndipo Mmalawi amalipira mtengo wotsika kuposa mlendo wakunja. Tengani chiphaso chanu cha unzika.

Senga Bay: kwa anthu a ku Lilongwe amene ali ndi Loweruka lokha

Ubwino wa Senga Bay ndi msewu. Kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Salima ndi makilomita pafupifupi 120, choncho banja litha kunyamuka m'mamawa, kukwera boti, n'kukagona kwawo. Cape Maclear siyilola zimenezo, imafuna kugonako.

Chilumba chapafupi ndi Namalenje, chimene alendo amachitcha Lizard Island chifukwa cha ang'azi ake aakulu. N'chaching'ono, chamiyala, ndipo ulendo wake ndi wa maola awiri kapena atatu basi. Mumasambira, mumakwera pamwamba pa miyala n'kuona gombe lonse, mumabwerera. Kwa ana aang'ono ndiponso agogo amene sanakwerepo boti, kufupika kumeneku ndi mwayi.

Chakum'mwera kuli zilumba zitatu za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimenenso zili m'paki. Pa Nankoma pali malo ogona alendo, ndipo amene akufuna kukathera tsiku kumeneko ayenera kupangana nawo pasadakhale. Zitatuzi n'zokongola, mbalame n'zambiri, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira. Gombe la Senga Bay linayang'ana kum'mawa, kopanda phiri lolitchinga, choncho mafunde ake amakula msanga ndipo ulendo umalephereka kawirikawiri kuposa ku Cape Maclear. Komanso mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja chapafupi ndi zilumbazi. M'dzinja umabweretsa matope ochokera kumtunda, madzi amada, ndipo amene wapitira kukaona nsomba pansi amabwerera wosakhutira. M'chilimwe madzi akayera ndi nkhani ina.

Mudzamvanso za Mbenji, chilumba cha asodzi cha m'boma lomwelo la Salima. Kumeneko si kopita kukasangalala. Chili m'manja mwa Mfumu Makanjira, ndipo kwa zaka zambiri chakhala ndi malamulo akeake: usodzi umatsekedwa m'miyezi yamvula kuti nsomba ziswane, mowa suloledwa, akazi sapondako. Malamulo amenewa ndi amene asunga nsomba za kumeneko pamene madera ena zikutha, ndipo mlendo ayenera kuwalemekeza.

Gombe la Mangochi

Amene ali pa mahotela a pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ali ndi Boadzulu, chilumba cha mbalame zodya nsomba zimene zimaswana kumeneko zambirimbiri mpaka miyala inayera ndi zitosi. Ndi ulendo wokaona uli m'boti, wabwino madzulo. Chilumbacho chili chokha, ndipo ngati mukufuna kudumpha kuchoka pa china kupita pa china, kwerani galimoto mupite ku Chembe.

Likoma ndi Chizumulu: zokoma, koma si za tsiku limodzi

Nthawi zambiri ndimamva anthu akufunsa ngati angapite ku Likoma m'mawa kuchokera ku Nkhata Bay n'kubwerako madzulo. Pamapu zimaoneka zotheka. Panyanja pali makilomita pafupifupi 70 a madzi akuya, ndipo zilumba ziwirizi, ngakhale n'za Malawi, zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Njira yodziwika ndi sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Imazungulira nyanja kamodzi pa mlungu, ndipo nthawi yake yofika imatsata katundu ndi mphepo. Palinso maboti ena apaulendo, komanso kabwalo ka ndege pa Likoma kwa amene thumba likuwalola.

Ndiye konzani masiku angapo. Mukafika, m'pamene maulendo a tsiku limodzi amayambira, ndipo ndi osiyana kwambiri ndi a ku Cape Maclear, chifukwa zilumba izi zili ndi anthu, midzi, misika, matchalitchi. Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo munthu amadabwa kuona chinyumba chotere pa chilumba cha milambe ndi miyala. Chizumulu ndi chaching'ono, choti n'kuchizungulira wapansi tsiku lomwelo, koma pakati pa ziwirizi pali makilomita oposa 10 a panyanja poyera, choncho malangizo a Mumbo aja agwiranso ntchito pano. Kutsidya kwa Likoma, chapafupi ndithu, kuli Cóbuè ku Mozambique. Kuwolokako ndi kutuluka m'dziko, muyenera kukhala ndi pasipoti ndi kudindidwa mbali zonse ziwiri.

Chombo chake

Apa m'pamene ndalama ndi moyo zimakumana, ndiye ndichedwapo.

Boti lamatabwa la injini, la anyamata a m'mudzi, ndilo limene ambiri adzakwere. Mtengo wake ndi wokambirana, ndipo umatsika pamutu pa munthu mukakhala gulu chifukwa chodula kwenikweni ndi mafuta. Ndalamayo imatsala m'mudzi momwemo. Oyendetsa ake anakulira pamadzi amenewa, amadziwa mwala uliwonse wobisika, ndipo kawirikawiri amakuphikirani nsima kapena mpunga ndi kampango kapena chambo pachilumba pomwepo. Kuipa kwake n'koti maboti ake salingana. Lina ndi lolimba, lili ndi denga la lona ndi majekete oyandamitsa okwanira. Lina madzi akulowa m'mphako, mnyamata akukapa ndi chigubu chodula ulendo wonse. Musapangane ndi munthu amene wakupezani pamchenga musanalione boti lenilenilo. Ku Chembe operekeza alendo ali ndi bungwe lawo, ndipo pamalo pamene mwagona atha kukulozerani odziwika.

Maboti a mahotela ndi a makampani a alendo ndi odula, nthawi zina kuwirikiza kangapo. Chimene mumagula ndi injini yosamalidwa, majekete a ana, wailesi kapena foni yolumikizana ndi kumtunda, ndi munthu woyankha mlandu zinthu zikalakwika. Kupita ku Thumbi West kapena Namalenje sindiona chifukwa cholipirira zonsezo. Kupita ku Mumbo, Maleri kapena Chizumulu muli ndi ana, ndalama yowonjezerayo siyotayika.

Kayaki, kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi, ndi ya anthu amphamvu zawo ndiponso odziwa kusambira. Ilibe phokoso, choncho mumafika pafupi ndi katumbu kapena ng'azi ili pamwala osaithawitsa, ndipo mumalowa m'timipata timene boti silingalowe. Kupalasa kuchokera pa Chembe kupita ku Thumbi West n'kotheka kwa munthu wamba. Ku Domwe kumafuna mapewa ozolowera. Ku Mumbo musapite nokha popanda woperekeza. Kumbukirani kuti mphepo imene yakukankhani popita ndi yomweyo mudzalimbane nayo pobwerera, mutatopa kale.

Bwato wosema ndi wa asodzi. Iwo amaukwera miyendo ili kunja, thupi lawo linauzolowera kuyambira ali ana. Mlendo akakhalamo amangoti pendapenda, ndipo funde laling'ono limakwanira kuugudubuza. Kuyesa m'mphepete, madzi a m'chiuno, palibe vuto. Kuwolokera nawo pachilumba ayi, ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Pokambirana, funsani zinthu mwachindunji ndipo mwaulemu. "Achimwene, majekete alipo angati? Tiwaone. A ana alipo? Mafuta ndi okwanira kupita ndi kubwerera, ndi ena apadera? Nkhafi zilimo injini ikazima? Ndalama ya paki ili mumtengomu kapena tilipira patokha? Chakudya ndi magalasi osambirira?" Woyendetsa wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amakutengani kukakuonetsani. Perekani gawo la ndalama loti agulire mafuta ndi ndiwo, yotsalayo mudzapereke mutatsika pamtunda. Ndipo mukaona kuti akuwonjeza anthu ena mpaka m'mphepete mwa boti mwayandikira madzi, tsikani. Ngozi zambiri za maboti pa nyanja ndi mitsinje yathu zimayamba ndi kudzaza mopitirira.

Mwezi ndi mphepo

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mwera. Kumwamba kumakhala koyera, kunja kozizira bwino, koma mphepoyi itha kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo pa nyanja yotalika makilomita oposa 500 mafunde amapeza mpata wokula. Musaipeputse poti ndi nyanja ya madzi opanda mchere. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndithu, inamira kumpoto pafupi ndi Chitimba nyanja itakalipa, ndipo anthu 145 anafa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera. Mverani, ndipo yang'anani asodzi: ngati maboti awo onse akokeredwa pamchenga, lanu lisatuluke.

Seputembala mpaka Novembala ndiyo nyengo imene ndimaikonda pa maulendo amenewa. Mwera wachepa, mitsinje siikubweretsa matope, madzi ndi ofunda komanso oyera. Dzuwa la Okutobala ndi lowawa kwambiri pamadzi, choncho boti ladenga, chipewa, malaya a manja aatali ndi madzi akumwa ambiri n'zofunika. Munthu amapsa msana akuyang'ana nsomba osamva kanthu, ululu umadzabwera usiku.

Disembala mpaka Malichi, nthawi imene ambiri amakhala patchuthi cha Khirisimasi, zilumba zimabiriwira, koma mvula yamkuntho ndi ziphaliwali zimadza mwadzidzidzi, ndipo mphepo ya mpoto imalowa molunjika pa gombe la Chembe limene mwera umalephera kulifika. M'miyezi imeneyi sankhani zilumba zapafupi zokha. Madzi a nyanja amakweranso mvula ikatha. Mu 2024 anakwera kwambiri moti magombe ambiri anamira, ndiye funsani ngati kagombe kamene munakaona pachithunzi kadakalipo.

Nyengo iliyonse, nyamukani m'mawa ndipo pangananitu ola lobwerera. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, mdima umagwa msanga, ndipo maboti ambiri a m'midzi alibe nyali. Siyani dzina la woyendetsa ndi la chilumba chimene mwapita kwa munthu wa pamalo pamene mwagona.

Za likodzo ndisabise. Lilipo m'nyanjayi, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi m'mabango, mmene mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo take, ndipo gombe la Chembe ndi limodzi mwa malo odziwika nalo. M'miyala ya kuzilumba chiopsezo n'chocheperako, koma sichitheratu. Mankhwala ake, praziquantel, sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, choncho kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza. Dikirani milungu 6 mpaka 8, mupite kuchipatala mukawauze kuti munasamba m'nyanja, ndipo ana onse amene analowa m'madzi mupite nawo, ngakhale amene sakuonetsa chizindikiro chilichonse.